Khola la Anamzeze

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Febuluwale, chaka cha 2017, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Ndinkamwa tiyi nditaima pawindo, ndipo kunja kwa galasi kunadutsa majombo a munthu. Ife tinkakhala m'zipinda zapamwamba penipeni, choncho majombo sankayenera kudutsa pamenepo. Nditasuzumira ndinaona amisiri awiri ali pa nsanja yazitsulo imene anaimika dzulo lake. Ankakhoma matabwa oyera apulasitiki m'munsi mwa denga, kutseka mpata wonse wa pakati pa khoma ndi matailosi.

Nyumbayo inali yakale, ya njerwa zofiira, mu mzinda wa Dublin ku Ireland, kumpoto kwa mtsinje, mtunda woyenda pansi kuchoka ku Parnell Street. Eni ake anali mayi achikulire, amasiye, obadwira mu Dublin momwemo. Iwo ankakhala pansi. Ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi tinkakhala pamwamba. Tinkawatchula agogo. Atamva tanthauzo lake anati dzinalo likuwakalambitsa, koma tikaitana ankavomera. Mlongo wawo anali wansembe amene anagwirapo ntchito ku Malawi, ndipo n'chifukwa chake anatilandira pamene bambo mfumu a parishi yathu anatitchula kwa iwo. Lendi sanakwezepo kuyambira tsiku limene tinalowa. M'zaka zimenezo, pamene lendi inkakwera paliponse, zinthu zoterozo munthu sunkazinena pagulu, kuopa kupweteka mitima ya anzako.

M'mpata umene amisiri ankatsekawo munkagona mbalame. Zinkabwera mu Meyi n'kuchoka mu Ogasiti. Zinali zakuda, za mapiko aatali opindika ngati chikwakwa, ndipo madzulo zinkathamangitsana pamwamba pa msewu zikulira mokuwa. Azungu ali ndi dzina lakelake la mtundu umenewu. Kwathu zonse zotere timangoti anamzeze. Agogo ankati nyengo yozizira zimakathera kwathu ku Africa.

"Abale anu afika," ankatero akaziona. "Chaka chilichonse, ndipo lendi sanalipirepo."

Amuna awo ndi amene anayamba kuzikonda. Atamwalira anawasiyira nyumba ndi mbalame zomwe.

Agogo anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wokhala ku Dún Laoghaire. Iyeyu anali atamanga kanyumba kabwino kuseri kwa nyumba yake, ndipo ankafuna kuti mayi ake asamukire kumeneko, nyumba yakaleyi igulitsidwe mitengo ikadali pamwamba. Sanali munthu woipa. Masitepe ankawavutadi agogo, ndipo anali atagwapo kamodzi m'bafa. Chaka chapitacho, atatopa ndi kuumirizidwa, anamuyankha ife tikumva:

"Chaka chimene mbalame zanga sizidzagona m'nyumba muno, inenso ndidzachoka. Mpaka pamenepo usandifunsenso."

Tonse tinaseka. Mbalamezo zinali zisanaphonyepo chaka kuyambira pamene iwo analowa m'nyumbamo ali mkwatibwi.

Sindikunena kuti mwanayo anatseketsa mpatawo dala. Denga linkadonthadi, ndipo woika ndowa ndinali ine. Koma nditatsika m'mawa umenewo ndinapeza agogo ali panja, atavala chikhothi pamwamba pa zovala zogonera, maso ali m'mwamba. Amisiri anali atachotsa kale matabwa owola, mabowo atawadzaza ndi simenti. Panalibenso chotsegula.

"Mawu aja ndinanena ndekha," anandiuza osandiyang'ana. "Palibe anandikakamiza. Ndipo ine sindibweza mawu."

Ndinkawadziwa. Sankabwezadi.

Tanthauzo lake linali poyera. Agogo akachoka, ifenso tichoka, ndipo kopita kunalibe. Tinayesa kukaona nyumba zingapo. Mzere unkayambira pakhomo mpaka kukhota pakona ya msewu, aliyense mapepala ake kumanja, kulimbirana zipinda zonunkha chinyontho. Banja lina la kutchalitchi kwathu linkagona mu hotela, ana akulembera homuweki pabedi. Mwana wathu anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti amalize sekondale, pasukulu imene ankapita wapansi. Mkazi wanga satchula mantha ake. Amangopeza chochita ndi manja. Anayamba kubwera ndi makatoni ochokera m'mashopu a ku Moore Street, ena a nthochi, ena a mafuta ophikira, n'kumawaunjika pamwamba pa masitepe.

Ine ndinaganiza zomanga khola loti anamzeze adzagonemo.

Ndili mnyamata ku Dedza ndinkaweta nkhunda, ndipo malume anga, amene anali kalipentala, anandiphunzitsa kugwira sowo. Mumtima ndinkati mbalame ndi mbalame basi. Nditawauza agogo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga kiyi wa kashedi ka kuseri. Munali zida za malemu amuna awo: sowo, hamala, pulena, ndi misomali yosankhidwa bwino m'mabotolo a jamu. Matabwa ndinatenga kuntchito. Ndinkagwira m'nyumba yosungira katundu ku Swords, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, akathyoka ankangotaya. Ndinkabwera nawo pabasi, awiri lero, atatu mawa, anthu akundiyang'ana.

Ndinamanga monga momwe ndinkadziwira. Zipinda ziwiri. Makomo ozungulira, oti chibakera changa n'kulowa. Kutsogolo kathabwa koterapo, kuti mbalame ikafika ipume kaye isanalowe. Pambali ndinakhomerapo chitini cha mapira, chifukwa mlendo salandiridwa ndi mbale yopanda kanthu. Ndinalipaka penti yobiriwira imene inatsala m'shedimo. Linali khola lokongola. Malume akanaliona sakanapeza polidzudzula.

Kulikhoma kunali kotulukira pawindo, theka la thupi lili kunja. Mkazi wanga anamanga chitenje palamba wanga, mbali inayo n'kuikulunga m'manja mwake, phazi atapondetsa kukhoma.

"Abambo, mukagwa apa ine ndikanena chiyani kumudzi? Kuti munapita ku Ulaya kukafera khola?"

"Gwirani bwino, musandilankhulitse."

"Ndagwira. Koma ma viewing a nyumba atatu sabata ino, inu mwapita zero."

"Ndipatseniko msomali."

"Manja ake ati? Mukufuna ndikusiyeni?"

Alendi anapezeka mu Epulo, koma osati amene tinkawafuna. Zinali mbalame zina zamawangamawanga, zaphokoso, zodya chilichonse, zimene kuno amati sitalingi. Zinatera pakathabwa kaja ngati zinachita kuitanidwa, zinasuzumira m'zipinda zonse ziwiri, n'kuyamba kututa udzu. Mapira anadya nkhunda za mumsewu.

"Mwaona?" anatero mkazi wanga. "Ngakhale mbalame zikuvutika malo. Mukanaika pa intaneti, mzere ukanafika pakona."

Kuntchito ndinali ndi mnzanga wa ku Malaysia, woyendetsa kagalimoto konyamulira mapaleti. Anali wamfupi, wokonda kuseka, ndipo mawu a Chichewa amene ankadziwa anali amodzi okha, achimwene, amene ankawaika paliponse. Tinkalankhulana m'Chingerezi cha anthu ophunzirira pantchito. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamuuza za mavuto anga, ndipo anasiya kudya. Anati bambo ake amaweta mbalame za mtundu wa anamzeze athuwo. Lamulungu lotsatira anabwera kudzaona.

Anaima pamsewu, anayang'ana m'mwamba, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pasitepe ya agogo.

"Achimwene, chitini chija n'cha chiyani?"

"Chakudya."

"Nanga kathabwa kaja?"

"Poterapo."

Anapukuta misozi ndi mkono wa jekete. Kenako anandifotokozera, ndipo ndinamvetsera ngati mwana wasukulu. Mbalame zimenezi sizitera pamtengo kapena pansi. Zimadya tizilombo m'mwamba, zimamwa madzi zikuuluka. Miyendo yake ndi yaifupi, yongokolowekera pakhoma. Kathabwa kanga sikanali ka izo. Kanali khonde la adani awo. Khomo liyenera kukhala kamng'alu kopapatiza, ngati poponyera makalata, koti sitalingi singakwane. M'kati mukhale mdima. Pansi pa khomo pasakhale kanthu, chifukwa potuluka zimadziponya kaye m'munsi kenako n'kutambasula mapiko.

Anatiuzanso za kwawo tikudya. Kumeneko anthu amamangira mbalamezi nyumba zosanjikiza, za konkire, zopanda mawindo. M'kati amathiramo madzi kuti muzizizira ngati m'phanga, kudenga n'kukhomamo matabwa oti mbalame zimatepo zisa. Zisazo zimapangidwa ndi malovu a mbalame, ndipo anthu amazigula modula n'kuphika msuzi. Mkazi wanga anaika supuni pansi.

"Malovu?"

"Malovu, mayi. Bambo anga anamangira mbalame nyumba ya konkire, ife ana awo tikugona m'nyumba ya matabwa. Mvula ikagwa, mbalame zili phee, ife tikusuntha mabedi."

"Ndiye amuna onse ndi amodzi," anatero mkazi wanga, akundiyang'ana.

Ndinkafuna kugwetsa khola lobiriwira tsiku lomwelo, koma agogo anakana. M'katimo munali kale mazira.

"M'nyumba mwanga sathamangitsamo munthu," anatero. "Ngakhale wolowa mosapempha."

Choncho ndinabwerera kushedi n'kuyambanso. Bokosi lachiwiri linali lalitali chopingasa, losakongola, lopanda penti kunja. Kamng'alu ndinakaboola chakumunsi, kumapeto, n'kukasalaza ndi sandipepa kuti kasadule nthenga. M'kati ndinadetsa ndi penti yakuda. Pakona yakutali ndi khomo ndinasemapo kadzenje ngati kambale, kuti mazira asagubuduke, ndipo ndinamatamo nthenga zochepa. Nthengazo ndinazichotsa m'pilo wa mkazi wanga, n'kusokanso bwinobwino. Anazindikira usiku womwewo. Ulusi unali wosiyana mtundu.

Chinatsala ndi nyimbo. Mnzanga anati popanda nyimbo palibe mbalame ingalowe: kwawo nyumba iliyonse ili ndi sipika yoliza kulira kwa mbalame, kuti zodutsa zimve kuti muno muli anzathu. Anaimbira foni bambo ake, ndipo mkuluyo anatumiza nyimbo yake yapamtima, imene sankapatsa ngakhale anansi. Tinagula kasipika kakang'ono, ndinakamangirira pansi pa bokosi, waya n'kulowetsa pawindo. M'mawa ndi madzulo kankalira: tiki-tiki-tiki, ngati munthu akugwedeza mikanda m'botolo.

Agogo anamvetsera masiku awiri, kenako anandiitana pamasitepe.

"Izi zikulankhula chilankhulo china. Zanga zimakuwa."

Ndinamuuza mnzanga. Anakhumudwa.

"Achimwene, nyimbo imeneyi inagulira bambo anga galimoto."

Ndinali pakati pa anthu awiri amene ndinkawalemekeza, ndipo ndinasankha wa galimoto.

Anamzeze anafika sabata yachiwiri ya Meyi, madzulo ena kunja kuli bwino. Agogo anagogoda denga la chipinda chawo ndi ndodo, chimene chinali chizindikiro chathu, ndipo tonse tinatsikira pamsewu. Zinali ziwiri. Zinazungulira kangapo, kenako imodzi inalunjika pafupi ndi paipi yotsitsa madzi a mvula, pamene panali bowo lake lakale. Inagunda pulasitiki. Inakolowekera pang'ono, inatsetsereka, inagwa m'mwamba momwemo n'kuzunguliranso. Inabweranso pomwepo. Inagundanso. Inzake inachita chimodzimodzi. Bokosi langa linali pomwepo, mtunda wa mkono umodzi, kasipika kakulira nyimbo yake, koma sizinaliyang'ane n'komwe. Ndinali nditalikhoma pamene dzanja langa linkafika kuchokera pawindo, osati pamene mbalame zinkadziwa.

Zinachita zimenezo masiku angapo. Phokoso lake tinkalimva tili m'nyumba, ngati munthu akugogoda ndi chala chimodzi. Mwana wathu ankatseka makutu ndi mahedifoni. Kenako m'mawa wina kunali zii. Zinali zitapita kukafuna kwina.

"Kubwera zabwera," anatero agogo. "Koma ndinati kugona."

Mwana wawo anabwera Lamulungu limenelo ndi keke. Sanatchule za lonjezo. Anangonena kuti wapangana ndi munthu wogulitsa nyumba kuti adzayendere kumapeto kwa Ogasiti. Agogo anayankha kuti chaka cha mbalame chimatha mbalame zikanyamuka, ndipo Ogasiti sanafike. Anagwirizana pamenepo.

Sabata imeneyo makatoni anachuluka mpaka podutsa panatsala pang'ono. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapunthwa, n'kugwetsa mulu wonse. Ndinalankhula mokweza, zimene sindichita kawirikawiri. Mkazi wanga anayankha mokweza kuposa ine. Anati iye akuganiza za mwana, ine ndikuganiza za nthenga. Ndinati makatoni ake akuitana tsoka. Tinali titaima pafupi ndi windo lomwe lija, lili lotsegula. Mwadzidzidzi anasiya pakati pa mawu, n'kutseka windo mofatsa.

"Mwaiwala?" anatero motsitsa. "Nkhunda sizikhala pakhomo pa anthu okangana."

Kwathu aliyense woweta nkhunda amadziwa zimenezi. Banja likayamba kulongolola, khola limayamba kuchepa, ndipo anansi amadziwa za m'nyumba mwako pongowerenga nkhunda padenga.

"Izi si nkhunda," ndinatero.

"Eee? Mwadziwa liti, a chitini cha mapira?"

Kuyambira tsiku limenelo tinapangana kuti mkangano uliwonse tizikachitira pamalo okwerera basi, kumapeto kwa msewu. Tinasunga panganolo. Koma kuti munthu uvale nsapato, upeze jekete, utsike masitepe mwakachetechete podutsa khomo la agogo, ukafika kumeneko nkhani yazirala kale. Kangapo tinangoima, kuyang'ana mabasi akudutsa, n'kubwerera titagula mkaka. Agogo ankaganiza kuti tayamba chibwenzi chatsopano.

Mu Juni ana a sitalingi anauluka, ndipo agogo anandilola kutsitsa khola lobiriwira. "Achoka okha," anatero. Ndinabwereka makwerero aatali kwa amisiri amene ankakonza nyumba yoyandikana nafe. Chaka chimenecho msewu wonse unali nsanja zazitsulo. Nditakwera pafupi ndi paipi ija ndinapeza chimene sindikanaona ndili pansi. Papulasitiki yoyera panali timizere ta zikhadabo ndi kamdima ka nthenga, malo aakulu ngati chikhatho. Mbalame zinali zitandilembera pamene panali khomo lawo. Ndinazula bokosi, ndinalisuntha, n'kulikhoma kuti kamng'alu kakhale pamaso penipeni pa timizereto.

Kenako ndinakonza za chilankhulo. Kuseri kwa sukulu ina yakale, chapafupi, kunali anamzeze ambiri amene mabowo awo anali asanatsekedwe. Madzulo angapo ndinakaima kunja kwa mpanda, foni nditaikweza m'mwamba, kudikira kuti adutse akukuwa. Mayi wina woyendetsa galu anandiuza mwachifundo kuti netiweki imagwira bwino kukona. Zimene ndinajambula zinali ndi phokoso la mabasi ndi chifuwa changa, koma kulira kunkamveka. Mwana wathu anadula zosafunika pakompyuta yake n'kukonza kuti zizibwerezabwereza. Pondipatsa anapukusa mutu.

"Dad, you're so weird."

"Zikomo," ndinatero. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi.

Atamva kuti ndasintha nyimbo pasipika, mnzanga anakhala masiku awiri osandilankhula bwino. Tsiku lachitatu anaimitsa kagalimoto kake pafupi nane.

"Ndawauza bambo. Akuti mbalame za dziko lililonse zili ndi makutu ake. Akuti muwatumizire nyimbo yanuyo amveko." Analizanso kagalimoto kake. "Koma achimwene, mbalame zanu ndi zosauka. Chisa chake sichidyedwa, sichigulitsidwa, komabe zikusankha nyimbo."

Juni anatha opanda kanthu. Kasipika kankakuwa m'mawa ndi madzulo, ndipo bambo wa kutsidya kwa msewu anabwera kudzadandaula. Agogo anamulandira pakhomo, anamukumbutsa za galu wake amene anauwa zaka zambiri iwo osanenapo kanthu, ndipo anabwerera. Ine ndinachepetsako mawu a sipika. Ma viewing ndinayamba kupita, onse, nditavala malaya a kutchalitchi. Palibe anatiimbiranso foni.

Kumayambiriro kwa Julayi kunatentha, ndipo pamsewu pathu panayamba kudutsa timagulu ta anamzeze, touluka motsika, tophokosera kuposa aja a mu Meyi. Agogo anati amenewa ndi achinyamata, amene sanayambe kuikira mazira; amayendayenda kufuna malo oti adzakhalemo chaka chamawa. Ankauluka m'mbali mwa madenga, kugunda apa ndi apo ndi phiko, kumvetsera ngati muli mwini wake.

"Ali pa viewing," anatero mkazi wanga. Sanaseke.

Madzulo aliwonse agogo ankatulutsa mpando wa kukhitchini n'kuukhazika pamsewu, pafupi ndi geti. Mkazi wanga ankawabweretsera tiyi n'kukhala pasitepe. Ine ndinkaima, chifukwa ndikakhala khosi linkandipweteka. Kuno mwezi umenewu dzuwa limachedwa kulowa, choncho tinkadikira nthawi yaitali. Kawiri konse mbalame inagunda bokosi n'kupitirira. Agogo ankangoti, "Wamanyazi ameneyo."

Tsiku lake linali Lachinayi, kunja kukadali kowala. Kagulu kanadutsa kakukuwa, kanakhota pamwamba pa nyumba ya bambo wodandaula uja, n'kubwereranso. Imodzi inapatuka. Sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Inalunjika pakhoma ngati ikufuna kudzipha, n'kusowa. Ndinaganiza kuti maso andinamiza. Mkazi wanga anandigwira mwendo wa thalauza. Pasanapite nthawi, inzake inatsatira, inakolowekera pakamng'alu, mchira ukugwedera kunja, n'kulowa.

"Agogo!" anatero mkazi wanga monong'ona. "Agogo, mwaona?"

"Ndaona. Kulowa si kugona. Khalani chete."

Tinakhala chete. Tiyi anazizira. Kagulu kaja kanakwera m'mwamba mpaka kusaonekanso. Magetsi a mumsewu anayaka. Pabokosi sipanatuluke kanthu.

Ndinakwera masitepe nditavula nsapato, ndinalambalala makatoni, n'kukazimitsa sipika. Nyimbo yanga ya mabasi inaleka. Ndiye kuchokera kuseri kwa khoma, pafupi ndi khutu langa, kunamveka kukanda kwa tizikhadabo pathabwa, kenako kulira kuwiri kopokezana, kumodzi kokwera, kwina kotsika. Pansi anamvanso. Nditasuzumira, mkazi wanga anali atabisa nkhope m'chitenje, agogo akumusisita pamsana ndi dzanja limodzi, linalo likufufuza foni m'thumba la juzi.

Anaimbira mwana wawo ali pampando pomwepo. Ankalankhula mokweza pafoni nthawi zonse, ndipo ankaika poti onse amve, choncho nditatsika ndinamva mbali zonse ziwiri.

"Umuuze munthu wako wogulitsa nyumba uja asavutike ndi chikwangwani chake. Zagona."

"Mayi, zagona kuti? Mabowo anatseka."

"M'bokosi."

"Bokosi si nyumba, mayi."

"Bokosilo lakhomedwa pakhoma langa ndi misomali ya bambo ako. Ukufuna kundiuza kuti si nyumba yanga?"

Kenako tinamva mwanayo akuseka, kuseka kwa munthu wotopa amene wagonja kwa mayi ake kuyambira ali mwana. Anati abwera Lamulungu ndi ana adzaone, ndipo abweretsa zitsulo zogwirira zoti tiike m'bafa ndi pamasitepe. Anafunsa ngati kalipentala wa mbalame angamuthandize kukhoma. Ndinati ndingathe.

Tinakhalamo zaka zina zitatu, mpaka agogo atatisiya. Mwana wathu anamaliza sekondale pasukulu yomweyo, akupita wapansi. Nyumbayo pano ndi ya anthu ena, koma ndikadutsa mu Juni ndimayang'ana m'mwamba, ndipo bokosi likadalipo. Madzulo amenewo sitinkadziwa zonsezi. Tinangowathandiza agogo kulowetsa mpando, ndipo ndinatumizira mnzanga uthenga wa mawu awiri: zalowa, zagona. Anayankha ndi liwu lake limodzi lija, atalilemba ndi zilembo zazikulu.

M'mawa mwake ndinadzuka mkazi wanga akadali m'tulo. Ndinaima pawindo mpaka ndinaona ziwirizo zikudziponya pakamng'alu, imodzi kenako inzake. Ndiye ndinatenga mpeni wa kukhitchini, ndinadula tepi ya makatoni onse, ndinawaphwathalitsa, n'kuwamanga mtolo ndi waya wotsala wa sipika. Ndinawatsitsa mwakachetechete n'kukawaika pambali pa bini. Awiri olimba kwambiri, a nthochi, ndinabwerera nawo n'kuwalowetsa pansi pa bedi.